Meseji Imene Macloud Sanayankhe

Uthenga woti wapeza malo a atachimenti unamupeza Hidaya ali kwawo ku Lungwena, akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Unabwera pafoni. Anauwerenga kawiri chamumtima, kachitatu n'kuuwerenga mokweza, ngakhale omvera ake anali nkhuku zokha. Pa makalata asanu ndi awiri amene analemba, famu ya nsomba ya Mwalawoyera, kufupi ndi Monkey Bay, ndi yokhayo imene inamuyankha. Anamupatsa miyezi itatu kuyambira Juni. Popanda miyezi itatu imeneyi, dipuloma yake ya zausodzi ikanathera m'malere.

Komatu chimene chinamuvinitsa lichero lili m'manja sichinali dipuloma yokha. Ku Mwalawoyera n'kumene kunkagwira ntchito Macloud.

Macloud anali mnyamata wa ku Ntcheu, mwana wa aphunzitsi, woimba kwaya kutchalitchi kwawo. Awiriwa anadziwana kukoleji, iye ali m'chaka chomaliza, Hidaya ali m'chaka choyamba, tsiku lina mvula itawatsekera mulaibulale. Anali atakhala pachibwenzi chaka ndi theka, koma ku Lungwena kunalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa.

Madzulo ake Macloud anaimba foni.

"Ndasangalala, Hida, Mulungu akudziwa," iye anatero. "Koma kuno kuli lamulo. Wantchito saloledwa kukhala pachibwenzi ndi wophunzira wa atachimenti. Chaka chatha mnzanga wina anachotsedwa ntchito, mtsikanayo n'kubwezedwa kukoleji osamaliza. Ndiye ukafika, ine ndi iwe sitidziwana."

"Miyezi itatu yokha?" Hidaya anaseka. "Ine ndabisa chaka ndi theka kwa mayi anga ondibereka. Nanga madamu akuntchito kwanuwo ndi ndani?"

*

Lachisanu, atachoka kumzikiti, kunyumba kunafika Che Bakali panjinga yawo yakapalasa. Awa anali mjomba wa Hidaya, achimwene a mayi ake, ndipo chimwalirireni bambo ake ndiwo ankagamula zonse zapakhomopo. Anakhala pampando pakhonde, Hidaya ndi mayi ake, a Ajira, n'kukhala pamphasa.

"Ndamva za Monkey Bay," anayamba Che Bakali. "Mwana wamkazi kukachita lendi yekha kumene kuli asilikali ndi anyamata a m'sitima? Ine ndili moyo, ayi."

"Achimwene, mwanayu wavutika ndi sukuluyi," anatero a Ajira chapansipansi. "Kwangotsala pang'ono."

"Ndanena kuti asapite? Apita. Ndayankhula kale ndi Abiti Ibrahimu. Nyumba yawo ili pafupi ndi msika, chipinda chilipo. Akakhala kumeneko."

Abiti Ibrahimu anali mayi ake a Nasir, mnyamata amene anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi n'kubwerako ndi galimoto yoyera komanso shopu ya zipangizo za njinga zamoto. Chibwerereni Nasir, dzina lake silinkachoka pakamwa pa mjomba wake.

"Ndipo umve bwino, iwe Hidaya," anapitiriza Che Bakali. "Sukuluyi ndinakulola chifukwa ndinalonjeza bambo ako. Ukakakhoza, Alhamdulillah. Koma ukakalephera, kapena ndikamve zamanyazi, mabuku tipinda, tiitane mashehe adzamange ukwati. Nasir wadikira mokwana."

"Mjomba, ine za Nasirzo sindinavomere."

"Nanga ndakufunsa?"

Che Bakali atapita, a Ajira anangotenga mndandanda wa zofunika umene famu ija inatumiza, n'kuuza Hidaya kuti awawerengere. Ovolosi, magambutsi, chipewa cha dzuwa. Mawa lake anapita naye ku Mangochi boma kukaunjika, n'kusankha ovolosi yabuluu imene anaipinda miyendo ndi singano yapamanja. Anamusokeranso mipango iwiri yaifupi yolowa bwino m'kolala.

"Hijabu yaitali ija ingakakoledwe mu injini ya boti," anatero. "Ndipo kumeneko usakakhale duu ngati mlendo. Safunsa anadya phula. Ukafunse aliyense, ngakhale mlonda."

Masiku otsalawo Hidaya anawathera m'manotsi ake akale. Anaimbiranso mtsikana wina amene anachita atachimenti chaka chapitacho, ndipo malangizo ake anali achidule: uzifika msanga, usamadikire kutumidwa, ndipo chilichonse chimene waona uzilemba mu logibuku tsiku lomwelo, chifukwa buku limenelo ndi limene aphunzitsi amakhulupirira kuposa pakamwa pako.

*

Lolemba loyamba la Juni, Mayi Benedicta, mkulu wa famuyo, analandira ophunzira awiri muofesi mwawo. Winayo anali Sheila, wochokera ku Lilongwe, wa zikhadabo zopaka ndi mawu okoma ngati owulutsa pawailesi.

Mayi Benedicta anali aafupi, a magalasi okolekedwa ndi chingwe m'khosi, ndipo sankataya mawu. Anafotokoza kuti famuyo imaweta chambo m'makhola a ukonde oyandama pakati panyanja, amene aliyense ankangowatcha makeji, ndi kuti ana a nsomba amayamba akulira m'maiwe kumtunda. Akufotokoza choncho, chitseko chinatseguka.

"Awa ndi a Macloud, oyang'anira makeji. Ndiwo azisaina malogibuku anu Lachisanu lililonse."

Macloud anali atada ndi dzuwa, mapewa atatambasuka. Anapereka moni kwa Sheila, kenako n'kutembenukira kwa Hidaya ndi nkhope youma gwa.

"Mwalandiridwa. Dzina lanu ndani?"

Hidaya ankadziwa kuti zidzatero. Anali atavomera yekha, akuseka. Koma kumva "lanu" kuchokera pakamwa pamene pankamutcha Hida kunamubaya penapake pamene sankayembekeza.

"Hidaya Atumani," anayankha akuyang'ana magambutsi ake.

Masana foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi. "Ovolosi yakukhala. Ndinatsala pang'ono kuseka pamaso pa madamu. Pirira, wanga." Anaiwerenga ali kuseri kwa thanki yamadzi, ndipo tsiku lonselo anayenda ngati sakuponda pansi.

*

Sabata zitatu zinadutsa. Hidaya ankafika asanatsegule ofesi. Ankanyamula nawo matumba a chakudya cha nsomba ngakhale sinali ntchito yake, ndipo m'boti ankacheza m'Chiyao ndi oyendetsa, amuna akuluakulu amene poyamba ankamuyang'ana mokayika. Atamva kuti ndi mwana wa malemu siginala wa ku Lungwena, munthu amene ankatsogolera asodzi a ukonde wa chilimira kumene kuli usipa, anayamba kumuphunzitsa zimene sizinalembedwe m'buku lililonse: kumanga chingwe chosamasuka, kuzindikira ukonde wong'ambika poona mmene mbalame zikuzungulira.

Sheila masiku oyamba ankasanza boti likangoyamba kuyenda, ndipo Hidaya ndi amene ankamugwirira mutu. Atazolowera, anapeza malo ake pambali pa Macloud. Mafunso ake sankatha, ndipo funso lililonse linkabwera ndi dzanja paphewa. Popeza onse ankakhala mbali imodzi ya tauni, madzulo Sheila ankakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya Macloud, atamugwira m'chiuno.

Nayenso Hidaya anali ndi womunyamula. Abiti Ibrahimu anakanitsitsa kuti mlendo wawo azikwera kabaza pakhomo pali galimoto. Choncho m'mawa uliwonse Nasir ankamusiya pageti. Chovuta n'chakuti Nasir sanali munthu woipa. Anali wofatsa, wosakakamiza. Ankamufunsa za nsomba n'kumamvetsera ndithu. Tsiku lina anamugulira botolo losunga tiyi wotentha poona kuti kukuzizira, osanenapo kanthu. Akanakhala wamwano, Hidaya zikanamuphwekera.

"Wagalimoto yoyerayo ndani?" Macloud anafunsa pameseji.

Hidaya anayang'ana funsolo nthawi yaitali. Akananena zonse, Macloud akanafuna kukaonana ndi mjomba nthawi yomweyo, ndipo sukulu ikanathera pomwepo.

"Mwana wa mayi amene ndikukhala nawo," analemba. "Ali ngati mchimwene wanga."

*

Lolemba la sabata yachinayi, akutsuka mabigiri, Sheila anayamba nkhani ngati wosadziwa kanthu.

"Iwe Hidaya, unapitako ku Cape Maclear? Ife tinali konko Loweruka ndi a Macloud. Munthu uja ukamuona kuntchito ungati ndi wovuta, koma ayi ndithu, amaseketsa."

Loweruka lomwelo Macloud anali atamuuza Hidaya kuti watopa, agona tsiku lonse.

Nthawi ya nkhomaliro Hidaya anamupeza yekha m'chipinda chosungiramo chakudya cha nsomba, akuwerenga matumba.

"Ku Cape kunali bwanji?"

Macloud anasuzumira kukhomo kaye. "Tsitsa mawu. Tinapita anthu asanu. Anyamata anandidzutsa, Sheila anangodziphatikapo."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Chifukwa ndinadziwa kuti uchita zimene ukuchitazi."

"Ine ndizikutcha abwana, mnzanga akukugwira m'chiuno tauni yonse ikuona?"

"Ndimukane ndinene chiyani? Kuti chibwenzi changa chikwiya? Chibwenzi chake chiti?" Macloud anaponya cholembera pathumba. "Nanga iweyo? Mchimwene wanji amene amatsika m'galimoto kukatsegulira mlongo wake chitseko? Ife kwathu alongo athu amatsegula okha."

Mawu amenewo anagunda pachilonda, ndipo munthu akagundidwa pachilonda sayankha mwanzeru.

"Ngati sundikhulupirira, usandilemberenso."

"Chabwino."

"Chabwino!"

Hidaya anatuluka maso ali psuu. Pakhomo anakumana ndi Sheila atanyamula mabigiri awiri, akumwetulira ngati munthu amene wangofika kumene.

*

Usiku wa tsiku lomwelo mwera unayamba. Unaomba masiku atatu osapuma, mafunde akumenya doko mpaka matabwa kulira. Boti silinapite kumakeji. Mafoni a awiriwo nawonso anali zii. Hidaya ankatsegula dzina la Macloud, kuona kuti ali pa intaneti, n'kutsekanso.

Lachisanu kunacha bata. Mayi Benedicta anali atapita kumsonkhano ku Mangochi boma, atasiya mawu oti Hidaya agwire kumaiwe, Sheila apite kumakeji ndi Macloud. Pamene Hidaya ankafika, boti linali litanyamuka kale, litadzaza matumba, popeza nsomba zinali zitagona ndi njala masiku atatu.

Popita kumaiwe anadzera padoko, ndipo anaima. Madzi sanali abuluu monga mwa masiku onse. Anali obiriwira moderako, ndipo ankanunkha matope. Anagwada n'kuviika dzanja. Anali ozizira ngati a m'firiji. Pafupi ndi mizati, tinsomba ting'onoting'ono tinali titayandama, tikutsegula pakamwa pamwamba pa madzi.

Anakumbukira bambo ake ataima pagombe la ku Lungwena m'mawa wina ngati womwewu, akuuza anyamata awo kuti asavutike kukankha bwato. "Madzi apansi akwera," anatero tsiku limenelo. "Lero nsomba ikufuna mpweya, osati nyambo." Kukoleji anadzaphunzira zomwezo m'Chingerezi: mwera ukaomba nthawi yaitali umatembenuza nyanja, madzi akuya opanda mpweya n'kubwera pamwamba. Nsomba yam'nyanja imathawira kwina. Yam'keji ilibe kothawira, ndipo ukaidyetsa tsiku lotero, waipha.

Anaimbira Macloud. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Oyendetsa boti ankasiya mafoni awo kumtunda poopa madzi. Ndiye analemba:

"Macloud, za mkangano iwala kaye. Usadyetse nsomba lero. Madzi apansi akwera, mpweya wachepa. Chonde ndimvere."

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Wawerenga. Hidaya anadikira, maso ali pafoni. Yankho silinabwere.

Anaganiza zoimbira Mayi Benedicta, koma anadzifunsa kuti zikaoneka bwanji, wophunzira wa sabata zinayi kukaneneza woyang'anira wake. Komanso Macloud anali atawerenga, ndipo sanali chitsiru. Anadzilimbitsa mtima choncho, n'kulemba mu logibuku zonse zimene anaona, nthawi yake ndi maganizo ake, n'kupita kumaiwe.

Boti linabwerera cha m'ma thu koloko, likuyenda mwapang'onopang'ono chifukwa cholemedwa. Chambo chinali mbwee mpaka m'mawondo mwa anthu, mimba zoyera zili m'mwamba. Makeji awiri, nsomba zimene zinatsala sabata ziwiri kuti zikololedwe.

*

Mayi Benedicta anafika dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Anayang'ana mulu wa nsombazo, kenako n'kulamula kuti mabuku onse, a antchito ndi a ophunzira omwe, aperekedwe kuofesi nthawi yomweyo. Hidaya anapereka lake.

Anthu atabalalika, anamupeza Macloud kumapeto kwa doko, akutsuka boti yekha. Anatenga tsache lina n'kutsikiramo. Anakolopa limodzi kwa kanthawi.

"Unandiuza," Macloud anatero osadzutsa mutu.

"Zachitika basi."

"Ndinaiwerenga, Hida. Makina oyezera mpweya anali atathera batire. Sheila anasuzumira pafoni n'kuseka, akuti sayansi ya asodzi. Ine ndinali ndikadali ndi mkwiyo. Ndinati mumtima, akungofuna poyambira kundiyankhula, adikire." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Thumba lachitatu lisanathe, nsomba zinayamba kutembenuzika."

Hidaya anali asanamuonepo akulira. Mkwiyo wonse wa sabata ija unasungunuka, n'kutsala chisoni chokha. Ankadziwa kuti ntchito imeneyi Macloud anaipeza atayenda miyezi isanu ndi itatu ndi envelopu m'manja, ndi kuti bambo ake atapuma pantchito, iye ndiye anali mzati wapakhomo.

"Madamu akafunsa, ndinena kuti sindinauze munthu," Hidaya anatero.

"Usayerekeze. Ukatero akulembera kuti unaona ngozi n'kukhala chete. Ulephera atachimenti."

"Nanga ndikanena kuti ndinakuuza, akafuna kuona meseji. Akaona ndi zam'mwamba zonse."

Macloud anangomugwira dzanja pansi pa mpando wa boti, pamene munthu wapadoko sakanaona. Dzanja lake linali lozizira, lonunkha nsomba, koma Hidaya sanalisiye mpaka hutala ya galimoto ya Nasir inalira kugeti.

*

Loweruka m'mawa anawaitana onse awiri. Mayi Benedicta anali atatsegula logibuku ya Hidaya patebulo, magalasi ali pamphuno.

"Ndagwira ntchito imeneyi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu," anayamba. "Ophunzira ambiri amalemba kuti, lero tinadyetsa nsomba, lero tinatsuka ukonde. Iwe walemba mtundu wa madzi, fungo, kuzizira kwake, nthawi, n'kumaliza ndi mawu oti nsomba zisadyetsedwe. Kota pasiti seveni m'mawa. Boti linali lisanafike n'kumakeji komwe." Anavula magalasi. "Ndiye funso langa ndi limodzi. Unauza ndani?"

Hidaya anaona m'maganizo nkhope ya mjomba wake, anaona mashehe atakhala pamkeka. Kenako anaona Macloud ndi envelopu yake, akuyenda ofesi ndi ofesi.

"Sindinauze aliyense, madamu. Ndinkaopa kuti mwina ndikulakwitsa."

"Ukudziwa tanthauzo la yankho limenelo pa malikisi ako?"

"Ndikudziwa."

"Akunama, madamu."

Anali Macloud. Anaimirira, n'kutulutsa foni m'thumba, kuitsegula, kuiika patebulo.

"Anandiimbira kawiri, sindinayankhe. Ananditumizira meseji, ndinaiwerenga, n'kudyetsabe. Wolakwa ndine ndekha."

"Macloud!" Hidaya anafuula, kuiwala kuti pamalo pano dzinalo limayamba ndi "a".

Mayi Benedicta anatenga foniyo. Anawerenga meseji ija, kenako chala chawo chinakwera m'mwamba pang'ono, n'kukweranso. Atatha anaitembenuza foniyo chadodolido n'kupumira m'mwamba.

"Sheila anabwera dzulo kudzandiuza kuti kunabwera meseji, ndi zina zambiri zimene sindinamufunse. Ndimafuna ndimve kwa eni ake." Anayang'ana Hidaya. "Mwana iwe, uli ndi maso amene sukulu siingapatse munthu. Koma dzulo unaopa kundiimbira, lero wandinamiza. Mwamuna usamamutchinjirize ndi tsogolo lako. Akakhala weniweni amaimirira yekha, ngati mmene wachitiramu."

Kenako anatembenukira kwa Macloud.

"A Macloud, mwanena zoona, ndipo ndikawauza eni famu zimenezo. Koma makeji awiri ndi makeji awiri, ndipo lamulo lija mumalidziwa bwino kuposa aliyense. Muyambe mwakhala kunyumba mpaka mabwana akumane Lachitatu. Makiyi a boti musiye pano."

"Ndamva, madamu."

"Za iwe Hidaya, ndilimbana nazo kuti sabata zinayi zimene anasaina awa zisafafanizidwe. Sindikulonjeza. Koma pali chimene sindingachilumphe. Nkhani yotere ikachitika, timadziwitsa koleji ndi kholo limene linalembedwa pafomu."

"Madamu, chonde!" Hidaya anagwada pansi osadziwa n'komwe kuti wagwada. "Koleji iuzeni. Koma mjomba wanga ayi. Mundilange mulimonse."

"Dzuka, mwanawe. Ukadwala kapena kumira m'nyanjamu, amene ndingamuyankhe ndi yemweyo. Sindinena zambiri pafoni. Ndingowapempha abwere, tikambirane ngati akuluakulu, ine ndili pambali pako."

Anatsegula fayilo, n'kuimba nambala ija. Hidaya ankapemphera kuti netiweki ya ku Lungwena ichite zimene imachita masiku onse. Koma foni inayankhidwa itangoitana kamodzi. Mayi Benedicta anapereka moni mwaulemu, kudzitchula dzina, n'kunena kuti pali kankhani kokhudza mwana wawo. Kenako anamvetsera, ndipo nkhope yawo inayamba kusintha.

"Oho. Muli konkuno? ... Chabwino, bambo. Tikudikirani."

Anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Mjomba wako akuti ali mu Monkey Bay momwe muno. Afika m'mawa uno iwe utachoka kale, akuti kudzakambirana za tsiku la ukwati ndi akuchimuna. Ali m'njira." Anamuyang'ana Hidaya pamwamba pa magalasi. "Sunandiuze kuti ndiwe wotomeredwa."

"Wotomeredwa?" Macloud anafunsa, makiyi a boti ali m'manja. "Ndi ndani?"

"Akuti abwera naye limodzi. Nasir, kaya ndamva bwino."

Macloud anatembenuka. Sanakalipe, ndipo Hidaya akanakonda akanakalipa.

"Mchimwene uja?"

"Sindinavomere, Macloud. Ndi mjomba amene akufuna. Ndinkafuna ndikuuze ndikamaliza, ndinkaopa kuti..."

"Wakhala m'nyumba mwawo mwezi wathunthu."

"Ndimvere kaye!"

Iye anaika makiyi patebulo mosamala, anatenga foni yake, n'kuweramira Mayi Benedicta pang'ono. Anatuluka osamenyetsa chitseko.

Hidaya anathamangira pawindo. Macloud ankayenda molunjika kugeti, njinga yake yamoto ataiiwala pansi pa mtengo. Nthawi yomweyo mlonda anakankha geti, galimoto yoyera n'kulowa. Kutsogolo kunali Che Bakali atavala mkanjo wawo wapachikondwerero. Galimotoyo inaima kuti munthu wapansi adutse, ndipo Nasir anatsitsa galasi akumwetulira mwaulemu monga mwa khalidwe lake.

"Pepani achimwene," mawu ake anamveka mpaka muofesi, "ofesi ya madamu ndi iti? Tabwerera mkazi wanga."

Macloud anamuyang'ana kanthawi. Kenako anakweza dzanja n'kuloza pawindo pamene Hidaya anaima.